Dzina la Achimwene ku Sukulu ya Kwacha

Amayi, kodi kumene muliko mukukhalako bwanji? Ife kuno tilipo ndithu, ngakhale kuti mtima wanga sunakhazikike.

Cholinga cha kalata ino ndi kukudziwitsani za nkhani imene yativuta pabanja kuchokera pamene tinakolola, komanso chimene tagwirizana Loweruka lapitali. Nkhaniyi ikukhudza anthu atatu: mwana wanu woyamba amene ndi achimwene anga a Lembani, mwana wawo Fanuelo, ndi mkazi wa Fanuelo, Nanyoni, amene munamusiya ali mtengwa watsopano pamudzi pathu. Mukudziwa kuti ine sindikonda kuyambira nkhani pakati, choncho mundilole ndiyambe ndi zapamudzi, kenako ndifike pa mutu weniweni.

Chimanga chaka chino chinachita bwino kumunda wa kumtunda, koma kudimba nyemba zinapsa ndi dzuwa, mvula itadula pamene zinkachita maluwa. Ng'ombe yanu yamawanga ija inabereka thole. Denga la khitchini lanu linayamba kudontha, ndipo achimwene analifolera bwino lomwe asanauzidwe ndi munthu. Nkhani yosangalatsa kuposa zonse ndi yakuti Nanyoni anachira ku chipatala cha ku Champiti, mwana wamkazi, ndipo tinam'patsa dzina lanu. Mayi wake sangalitchule dzinalo popeza ndi la apongozi ake, choncho khandalo amangoliitana kuti Agogo. Mukanamva mmene amalikalipira usana, kuti Agogo mwanyowetsanso nsalu, mukanaseka mpaka kutsokomola.

Ntchito yanga ku Boma ikadali yomwe ija, yosunga mafaelo ndi kulandira anthu odzasaina mapepala. Pa desiki langa pamakhala cholembera ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Pamene ndinkayamba ntchitoyi ndinkadziwiratu chochita munthu akadali pakhomo: akakhala bambo ndinkakonza cholembera, akakhala mayi ndinkatsegula inki, ndipo sindinkaphonya kawirikawiri. Masiku ano ndimaphonya. Amayi a msinkhu wanu akadadindabe chala, ndipo ambiri a msinkhu wanga amalemba dzina lawo movutikira ngati akukwera phiri ndi mtolo. Koma atsikana obadwa m'mbuyo mwathumu amatenga cholembera ndisanawapatse, n'kuyamba awerenga kaye pepala lonse. Amene ndayamba kuwaona akubisa dzanja kumbuyo ndi anyamata ena a kabaza ndi ogulitsa mbatata, amene anathawa sukulu atalawa kukoma kwa msika. Sindikunena kuti akazi apitirira amuna, ayi. Atsikana ambiri akutherabe panjira chifukwa cha mimba ndi maukwati, ndipo m'mipando ikuluikulu mukadali amuna. Ndikungonena kuti mpata umene unalipo ukuchepa ndikuona. Chinthu china chimene ndaona n'chakuti mayi wosadziwa kulemba amangotambasula chala chake popanda manyazi, koma bambo wosadziwa kulemba amayamba wapapasa m'matumba, n'kunena kuti waiwala magalasi kunyumba.

M'nyumba mwanu zinthu zinayenda mosiyana ndi m'nyumba za anzanu. Munatiuza kuti achimwene anabadwa mwezi umene abambo analembedwa kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo mwa mkwiyo munam'tcha mwanayo Lembani, ngati kuwauza olemba anthu aja kuti lembani ndithu, mutengeni, ine nditsala ndi uyu. Abambo atatumiza zogulira ng'ombe, panalibe mwamuna wina woziweta. Achimwene anatuluka sukulu asanadziwe n'komwe kugwira pensulo, inu n'kumati ng'ombe sizimva belu la sukulu. Ine munandikankha mpaka ndinamaliza sekondale, pamene anzanga onse aakazi anali atakwatiwa. Anthu akamakusekani kuti mukuthirira munda wa eni, munkayankha kuti mwamuna ali ndi khola, mkazi alibe, choncho khola la mkazi limangidwe m'mutu mwake. Mawu amenewo anandilera, ndipo sindikuwatsutsa. Koma masiku ano pali funso limene likundizungulira ngati ntchentche: kodi achimwene munawafunsapo? Kapena mwana woyamba safunsidwa?

Zonsezi zinatulukira tsiku limene tinkavundukula chiliza chanu. Abusa, posadziwa, anapempha mwana wamkulu kuti awerengere anthu mawu olembedwa pamwalapo. Achimwene anawerama, nayang'anitsitsa, kenako anati dzuwa likuwathobwa m'maso. Ndinawerenga ndine. Anthu sanaonepo kanthu, koma ine ndinaona mmene anapindira chipewa chawo m'manja. Patapita masabata angapo anafika ku ofesi kwanga, chinthu chimene sanachitepo, nakhala pa benchi ya alendo mpaka anthu onse atatha. Ndipo anati: "Nangozo, ndikufuna ndidziwe kulemba ndisanafe."

Ndinayamba kuwaphunzitsa ndekha pakhonde panu masiku a Loweruka. Sizinayende. Ine ndinazolowera kuti chilembo chikhale pa mzere wake, ndipo chikapendama ndimachiwongola nthawi yomweyo. Iwo anapirira kanthawi, kenako anandiuza mwaulemu kuti ndimawayang'ana ngati faelo yosokera. Tinasiyana popanda kukangana.

Tsono mudziwe kuti m'tchalitchi mwathu muja mumakumana sukulu ya kwacha masana, anthu akaweruka kumunda. Ophunzira ake onse ndi amayi. Amuna a m'mudzi mwathu amaitcha sukulu ya azimayi, ndipo ngakhale amene sadziwa kusiyanitsa chilembo ndi phazi la nkhuku amalambalala tchalitchi nthawi imeneyo. Mphunzitsi amene anasankhidwa kuphunzitsa kumeneko ndi Nanyoni, chifukwa ndiye yekha m'midzi yozungulira amene anamaliza Folomu 4 n'kukhazikika pamudzi. Achimwene sanauze munthu aliyense. Tsiku lina anangosamba, kuvala jekete la kutchalitchi, kunyamula kampando kawo, n'kukalowa.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa alamu anga, akazi awo a achimwene, amenenso amaphunzira kumeneko. Akuti Nanyoni atatembenuka kuchoka pa bolodi n'kuona apongozi ake atakhala pafupi ndi chitseko, anagwada pomwepo, choko chili m'manja. Amayi anakoka mphasa zawo kusunthira mbali imodzi. Achimwene anati iwo abwera kudzaphunzira monga wina aliyense, maphunziro apitirire. Nanyoni anadzuka, nayamba kuphunzitsa ataima chammbali kuti asawafulatire komanso asawayang'ane kumaso. Zimenezo akanatha kuzipirira. Chimene chinamugonjetsa ndi mawu amodzi. Amayi, taganizani: kodi mphunzitsi akamaliza kulemba pa bolodi amawauza chiyani ophunzira ake? Amati lembani. Ndipo mwini dzinalo anali pompo, akumuyang'ana.

Mwanayo anayesa njira zonse. Anati ikani pa pepala. Anati chitani monga ndachitiramu. Pomaliza anati jambulani, ndipo mayi wina wachikulire, amene anamva monga anauzidwira, anajambula nkhuku ndi anapiye ake m'kope lonse. Apo mayi wina wa pakamwa pakuthwa anaona kuti amuthandize mphunzitsi, nafuula kuti akutitu lembani, kenako n'kutembenukira kwa achimwene kuti pepani a Ngozo, sitikuitana inu. Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Achimwene anakhala mpaka mapeto, ndipo tsiku lotsatira anapitanso, koma nkhani inali itafika kale kumjigo ndi kumalo a bawo. Amuna anzawo anayamba kuwaitana ndi mawu aang'ono ngati a mphunzitsi wamkazi akamadutsa ndi ng'ombe. Amayi ena analetsedwa ndi amuna awo kupitako, akuti sukulu yasanduka malo a zisudzo. Nanyoni anabwera kwa ine akulira, nati iye asiya kuphunzitsa kuti abambo asachitenso manyazi. Tsiku lomwelo achimwene anauza alamu kuti iwo asiya kupita kuti mwana wa eni asavutike. Aliyense anapatukira mnzake, njira n'kutsala yopanda woyendamo. Sukulu inatsekeka, bolodi analitembenuzira kukhoma.

Amene anakolezera moto ndi Fanuelo. Mukukumbuka kuti iye anasiyira sukulu ku Folomu 1 n'kuyamba kugula mbatata ya kachewere kwa alimi ndi kukagulitsa ku Lizulu. Pa malonda ndi wochenjera, ndipo banja lake saligoneka ndi njala. Koma nkhani yakuti mkazi wake ali ndi satifiketi pamene iye alibe yakhala ikumudya kuyambira kale, ngakhale sanena. Anzake a pamsika atamva za bambo ake anayamba kumufunsa ngati kwawo amuna amadya akakhoza mayeso okha. Anabwera kumudzi ali wofiira maso, nanena pamaso pa anthu kuti mkazi wake wakhazika bambo ake pansi ngati mwana, ndipo akadzaimanso patsogolo pawo ndi choko adzam'bweza kwawo kuchigwa, akalime mpunga ndi satifiketi yakeyo.

Masabata onsewa ndakhala ngati munthu wokhalira nyerere. Ndikakhala ku Boma mtima uli kumudzi; ndikafika kumudzi ndimafuna kubwerera ku Boma. Anzanga a ku ofesi amati nkhaniyi ndi yaing'ono, mawu ndi mawu basi, mtsikanayo angowatchula. Ine sindingathe kunena choncho, chifukwa ndinaleredwa ndi inu. Apongozi anu aamuna anali a Chingwe, ndipo moyo wanu wonse sindinakumveni mukutchula mawu amenewo. Munkatituma kuti tikatenge chomangira mbuzi, ndipo ine ndinafika kusukulu ndisakudziwa kuti chinthucho chili ndi dzina lina. Munkati ulemu ndi mpanda, sudya munthu koma umasunga mudzi. Ndikauza Nanyoni kuti aswe mpandawo, ndiye kuti ndikunena kuti inu munkachita zopusa. Ndikamuuza kuti ausunge, ndiye kuti achimwene adzafa akupapasa magalasi amene alibe. Ndinasowa pogwira, ndipo inu mukudziwa kuti ine sindikhala bwino chinthu chikasowa malo ake.

Pomaliza ndinaitanitsa msonkhano wa pabanja, umene unachitika Loweruka lapitali m'mawa pansi pa mtengo wanu wa mapichesi. Analipo azakhali, alongo awo a malemu abambo, amene tsopano ndiwo akulu otsala, achimwene ndi alamu, Fanuelo ndi Nanyoni, atsibweni ake a Nanyoni ochokera kuchigwa, ndi ine. Ndinafotokoza nkhani yonse mwadongosolo, kenako ndinapereka maganizo anga. Ndinati tipemphe mphunzitsi wina, koma aliyense ankadziwa kuti wina ali kutali moti sangamayende mtunda wonsewo. Ndinati achimwene akakhale kwa ine ku Boma akaphunzire kumene sadziwika. Iwo anafunsa ngati ng'ombe nazonso zikakhale pa lendi. Atsibweni ake a Nanyoni anati kwawo apongozi amapereka nkhuku kwa mtengwa, ndipo kuyambira pamenepo amalankhulana momasuka. Azakhali anapukusa mutu. Anati nkhuku imamasula moni ndi kudyera pamodzi, koma siimasula dzina. Dzina lili m'manja mwa amene analipereka, ndipo amene analipereka ali kumanda. Fanuelo anawomba m'manja kuti basi nkhani yatha, azakhali aweruza.

Chiyambire msonkhano achimwene ankangokumba pansi ndi kamtengo. Fanuelo atayamba kudzuka, iwo anam'letsa ndi dzanja, nalankhula mawu awa, amene ndikukulemberani monga anatulukira:

"Azakhali, dzinali amayi anandipatsa ine, koma sindinaligwiritsepo ntchito. Chibadwire anthu akhala akundilamula kuti lembani, lembani, ine n'kumangovomera osalemba kanthu. Ngati ndi langa, ndili ndi mphamvu yolibwereketsa. Nanyoni, litengeni. Mukakhala pa bolodi ndi lanu. Mukatuluka m'tchalitchi mundibwezere."

Azakhali anatulutsa fodya wawo, nanunkhiza, nayang'ana kumapiri nthawi yaitali. Kenako anati chibadwire sanamvepo munthu akubwereketsa dzina ngati khasu, koma sanamvenso kuti n'koletsedwa. Anati ngati mwini wake wafuna, iwo sakana, pokhapokha nkhuku iperekedwe ndithu, ndipo mtengwayo ayesere pompo, pamaso pa mboni, kuti mawa wina asadzanene kuti anaba.

Alamu anakagwira thadzi lakuda n'kuliika pamaso pa Nanyoni. Mwanayo anagwada, khanda lili kumbuyo, thukuta likutsika ngakhale kunali kachisanu. Anatsegula pakamwa, milomo n'kuyenda popanda mawu. Azakhali anati sanamve. Anayesanso, maso ali pansi, ndipo mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

"Lembani."

"Wawa," anayankha achimwene, asanaganize n'komwe.

Amayi, azakhali anaseka mpaka fodya anawatsamwa. Atsibweni anagwa chagada, alamu akupukuta misozi ndi chitenje, ndipo Nanyoni anabisa nkhope m'manja mapewa akugwedezeka. Achimwene nawonso anaseka, n'kunena kuti aona kuti ntchito yoyamba ya kusukuluko idzakhala kuphunzira kusayankha. Ine ndemwe, amene anthu amati sindidziwa kuseka, ndinalephera kudzigwira. Munthu mmodzi yekha sanaseke. Fanuelo anaimirira, nakankha njinga yake yamoto mpaka kumsewu, n'kupita. Atsibweni anafuna kum'thamangira, koma achimwene anati asiyeni, mwana ameneyo sakukwiyira mkazi wake kapena bambo ake, akukwiyira chaka chimene anatulukira sukulu.

Tsono chimene chagamulidwa ndi ichi. Sukulu ya kwacha itsegulidwanso Lachiwiri likubwerali, ndipo Nanyoni apitiriza kuphunzitsa. Achimwene abwerera kukaphunzira. M'kati mwa tchalitchi, nthawi ya maphunziro, Nanyoni ali ndi ufulu wotchula mawu aja mmene angafunire, ataimirira, ndipo palibe amene adzamuyese wamwano. Kunja kwa tchalitchi ulemu ukhala monga unalili, ndipo iye adzawaitanabe kuti abambo. Alamu adzipereka kuyenda m'makomo kukafotokozera amayi amene anasiya kuti abwerere. Amene avomereza ndi azakhali m'malo mwa akumwamuna, atsibweni ake a Nanyoni m'malo mwa akuchikazi, achimwene monga mwini dzina, alamu, Nanyoni, ndi ine. Fanuelo sanavomereze. Sanam'thamangitse mkazi wake, koma iyeyo chichokere tsiku lija akugona ku Lizulu m'nyumba yosungiramo matumba a mbatata, ndipo foni sakuyankha.

Ndikadakhala munthu wina ndikanati nkhani yatha bwino. Koma mtima wanga ukadali m'mwamba. Tabwereketsa chinthu chimene munapereka inu, osakufunsani, ndipo sindikudziwa ngati kumeneko mwaseka nafe kapena mwatembenuza nkhope. Ngati talakwa, mlandu ukhale pa ine amene ndinaitanitsa msonkhano, osati pa mwana wa eni amene anagwada. Ngati takhoza, mufewetse mtima wa mdzukulu wanu, chifukwa inu nokha ndi amene ankakumverani.

Ndikukulonjezani kuti Lachisanu ndikaweruka ndikwera minibasi ya ku Lizulu, ndikam'funefune Fanuelo pakati pa matumba akewo. Sindikam'kalipira. Ndikakhala naye pansi monga munkachitira inu, ndipo sindibwerera ku Boma asanadye m'nyumba mwake.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pamudzi panu tikupasamala.

Ndine mwana wanu,
Agnesi Nangozo